Kodi John Dutton wa mu Yellowstone ndi ngwazi kapena ndi nkhalamba yamakani chabe?

Mbusa_wa_Ngabu:
Anthu a pagulu pano, dzulo usiku ndamaliza kuonera Yellowstone, masizoni onse asanu, ndipo tulo sindinatione bwino. Mkulu uja John Dutton, amene akusewera Kevin Costner, ali ndi famu ya ng'ombe ku Montana yoti ungayende pa kavalo tsiku lonse osafika kumalire, koma chaka ndi chaka famuyo ikungomeza ndalama osabweza. Mu sizoni 3 kampani ya Market Equities ikubwera ndi madola 500 miliyoni kuti igule gawo chabe la malowo. Mwana wake Beth, amene masamu a ndalama ndi ntchito yake, akumuuza poyera kuti adadi, malo awa sitingawasunge, msonkho udzatilanda. Iye n'kungoti ayi, ndinalonjeza bambo anga. Basi, nkhani yathera pomwepo. Ndiye ndikufunseni: ameneyu timutche mwamuna wolimba mtima, kapena ndi ija amati mbewa ya manyazi inafera kuuna? Amene simunamalize kuonera mundikhululukire, tiulula zambiri pano.

Kadaluso_Joni:
Madola 500 miliyoni? Ine ndikanawapatsa ndi chipewa chomwe, nsapato n'kuvula n'kusiya pageti.

NaPhiri_Leeds:
Achimwene a ku Ngabu, ine bambo amene uja sindimufuna n'komwe. Tawerengani ana ake mmodzimmodzi. Lee, woyamba kubadwa, akufa mu episodi yoyamba yeniyeni chifukwa cholimbirana ng'ombe zimene zinalowa kumalo a anthu a ku Broken Rock, dera lopatulidwira eni dziko oyambirira a America. Kayce anamudinda chitsulo chamoto pachifuwa, Y yemwe uja amadinda ng'ombe, chifukwa anapereka mimba kwa Monica n'kukana kuti ichotsedwe. Jamie ankafuna kuweta ng'ombe ngati abale ake, bambo n'kumutumiza ku Harvard kukaphunzira zamalamulo osamufunsa, chifukwa famu inkafuna loya wake, pomwe mwiniwakeyo ankanena poyera kuti maloya sawapatsa ulemu. Beth anasiya moyo wake ku Salt Lake City kudzamenyera malo amene iye amadana nawo, malo amene mayi ake anaferapo atagwa pa kavalo. Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Apa zatembenuka, wadya ndi bambo, m'mimba mukupota ana.

Madala_aZomba:
Mayi a ku Leeds, mwalankhula ngati munthu amene alibe manda a makolo kumbuyo kwa nyumba. Ine ndine wakale, ndinakula ndikuonera mafilimu a ma cowboy pa chinsalu, galimoto ikabwera pabwalo la sukulu madzulo, ndipo ambiri mwa iwo anali mfuti zokhazokha. Ili ndi losiyana. Mukaonera 1883, sewero limene likufotokoza chiyambi cha banjali, muona kuti a Dutton sanasankhe chigwa chija chifukwa cha msipu. James Dutton anaima pamene mwana wake Elsa anatsirizikira, namuika pomwepo, n'kunena kuti pano ndiye pathu. Kuyambira pamenepo aliyense wa banjalo amaikidwa pamalopo, mkazi wa John ali pomwepo, Lee ali pomwepo. Tsono akubwera anthu a masuti kuti timange bwalo la ndege ndi mahotela a anthu odzasewera pa chipale chofewa. Inu mungasainire? Kumbukirani kumapeto kwa sizoni 2, John atakhala paphiri ndi bambo ake okalamba atatsala pang'ono kumwalira, iwo n'kumulangiza kuti asadzalole munthu kutengapo ngakhale kachidutswa. Mawu a munthu wakufa sasewera nawo. Ine ndikanachita chimodzimodzi.

NaPhiri_Leeds:
Bambo, ndi ulemu wonse, akufa sadya nsima. Tate, mdzukulu wake uja, anabedwa ndi zigawenga ali mwana chifukwa cha nkhondo za agogo ake. Manda amenewo anamuteteza?

Galu_wa_Mfumu:
Inu kanganani za John, ine wanga ndi Rip, kapitawo wa pafamupo. Mwamuna uja akangovala jekete yakuda ija ndi magalasi, dziwani kuti wina sagona kwawo lero.

Kadaluso_Joni:
Dzina lakolo likukuyenera ase. Rip ndi galu wa mfumu weniweni, mfumu ya agalu ku bunkhouse, nyumba yogona anyamata a pafamu. Zaka zonsezo alibe ngakhale chiphaso chobadwira, akungopha anthu m'malo mwa bwana.

Mlangizi_Wopuma:
Ndiloleni ndilankhule monga munthu amene ndagwira ntchito ya ziweto kufikira kupuma. Ambiri mukudabwa kuti munthu wa malo aakulu chonchi, helikopita ili pabwalo, angakhale bwanji wopanda ndalama. Ulimi umene John akuchita ndi woswetsa ng'ombe n'kugulitsa ana ake. Ng'ombe imatenga bere miyezi isanu ndi inayi, imabereka mwana mmodzi pachaka ngati zonse zayenda bwino. Ku Montana ana amabadwa chisanu chikamatha, amayamwa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, kenako amagulitsidwa chisanu china chisanayambe. Ndiye kuti ndalama imalowa kamodzi pachaka, koma imatuluka tsiku lililonse: malipiro a anyamata, dizilo, mankhwala, kukonza mpanda wa waya, ndipo choopsa kwambiri ndi udzu wouma wodyetsa miyezi yonse imene msipu wakwiririka ndi chipale chofewa. Kwathu ng'ombe imaonda mu Okutobala koma imatolatola mapesi. Kumeneko ukapanda kusunga mabelo a udzu, khola lonse lapita. Zinachitikapo m'chisanu cha 1886 mpaka 1887, ng'ombe zinafa zosawerengeka m'zigwa za Montana ndi madera oyandikana nawo, ndipo kuyambira pamenepo alimi anaphunzira kutchinga malo ndi kumweta udzu.

Chimene ndinakonda ine ndi chakuti olemba seweroli matenda a ng'ombe amawadziwa. Mu sizoni 2 adani akuponya mabelo a clover kuchokera m'ndege usiku, ng'ombe n'kudya, m'mawa zili lambilambi zitafufuma. Zimenezo ndi zoona. Ng'ombe ikadya msipu wa mtundu wa nyemba wambiri nthawi imodzi, mpweya umachita thovu m'chifu, siingathe kugeya, mbali yakumanzere imatupa n'kumalira ngati ng'oma ukaimenya. Ukaipeza msanga umaimwetsa mafuta ophikira, ikafika pogwa umaboola kumanzereko kuti mpweya utuluke. Ndinachitapo zimenezi usiku ndi tochi ya m'manja, ng'ombe zitalowa m'munda wa nyemba, fungo lake simungaliiwale. Mu sizoni 5 ndiye mwabwera brucellosis, matenda opolozetsa ng'ombe, atapeza ana a njati akufa pamsipu. N'chifukwa chake Rip akutenga ng'ombe kupita nazo ku Texas, kukalipira lendi ya msipu imene famuyo siikanakwanitsa. Kungoti pamenepo anakometsera pang'ono: akatswiri a kumeneko anapeza kuti matendawa amafika kwambiri ku ng'ombe kudzera mwa elk, mbawala zikuluzikulu zija, osati njati.

Mbusa_wa_Ngabu:
Alangizi, pa njatipo mwandikumbutsa kwathu. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka ku Chikwawa, aliyense amaloza njati za ku Lengwe. Misika ya ng'ombe imatsekedwa, pamsewu n'kuika zotchinga, iwe uli ndi khola lodzaza koma sungagulitse ngakhale imodzi yolipirira fizi. Pamene paja John ndinamumvetsa.

WakuIndiana:
Ndiwonjezere pa zimene anena alangizi, chifukwa nkhaniyi kuno imakambidwa pa wailesi kawirikawiri. Woweta ng'ombe sakhazikitsa mtengo. Makampani anayi okha, Tyson, JBS, Cargill ndi National Beef, ndi amene amapha pafupifupi 85 peresenti ya ng'ombe zonenepetsedwa mu America. Mlimi amagulitsa mwana wa ng'ombe, wina akanenepetse, wina akaphe, wina akagulitse nyama m'sitolo, ndipo phindu lalikulu lili kumapetoko. N'chifukwa chake Beth mu sizoni 5 akudabwa ataona kuti famu ya 6666 ya ku Texas ikugulitsa nyama yake yokha mwachindunji, n'kufunsa bambo ake kuti nanga ife zaka zonsezi timatani. John yankho lake lomwe lija, ife timaweta ng'ombe monga ankachitira makolo. Apo ndiye ndinati mkuluyu vuto lake si adani okha ayi, safuna kuphunzira. Chilala chinawapwetekanso kwambiri alimi kuno, moti mu Januwale 2024 ng'ombe m'dziko lonse zinali pafupifupi 87 miliyoni, chiwerengero chotsikitsitsa kuyambira 1951.

Chinanso ndi msonkho wa chuma chamasiye. Munthu akamwalira, chuma chikapitirira mlingo umene boma linaika, msonkho wake umafika 40 peresenti. Tsono malo a ku Montana akwera mtengo chifukwa anthu olemera a ku California ndi New York akufuna nyumba zoyang'ana mapiri, tauni ya Bozeman nyumba zake anthu wamba sakuzikwanitsanso. Papepala ana a John ndi mabiliyoneya, m'thumba mulibe kanthu. Kuti alipire msonkhowo ayenera kugulitsa malo omwewo. Ndi msampha umenewo umene Beth ankaona.

Kadaluso_Joni:
Ndiye kuti vuto la John ndi lomwe lija la amalume anga, minibasi zitatu pakhomo zonse zili pamiyala, koma ukawauza gulitsani imodzi mukonze ziwiri amati ukundinyoza.

Chisomo_wa_Data:
Pepani kusokoneza, mukuonera kuti zimenezi? Bandulo yanga yatha ndili pa episodi 4.

Galu_wa_Mfumu:
Pita ndi fulashi kwa anyamata obena mafilimu kumsika. Koma uwauze akupatse yosamasulira, ina ija DJ amachita kumutcha Rip kuti "Chikangawa".

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Nonse mukukamba ngati nkhani ndi ya John ndi anthu a masuti okha. Nanga Thomas Rainwater, mtsogoleri wa anthu a ku Broken Rock? Kwa ine munthu amene ali ndi mlandu womveka m'sewero lonseli ndi iyeyo. John akuti malo awa ndi a makolo anga kuyambira 1883. Rainwater akuti chabwino, nanga 1883 isanafike munali ndani? Broken Rock ndi dzina lopeka, koma mbiri yake si yopeka. Chigwa cha Paradise Valley, kumene kuli famuyo, chinali dziko la a Crow, mtundu wina wa eni dziko oyambirira. Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 akakhalapo ndi kulima zaka zisanu, kapena kugula msanga pa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala. Malo amenewo boma silinawalenge, linachotsapo anthu. Njati zimene anthuwo ankadalira, zomwe zinalipo mamiliyoni ambirimbiri, zinaphedwa mpaka kutsala mazana ochepa m'zaka za m'ma 1880. Kenako lamulo la Dawes Act la 1887 linadula malo awo otsalawo m'zidutswa, zotsala n'kugulitsa kwa azungu. Ndiye John akamadandaula kuti obwera akufuna kundilanda malo, ine ndimaseka pang'ono. Akulawa ndiwo zimene agogo ake anaphikira ena.

Madala_aZomba:
Aphunzitsi, sindikukana za ma Red Indian. Koma John sanalande munthu, anabadwira pomwepo. Mwana alipire mlandu wa agogo a agogo ake?

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Bambo, dzina limenelo ndi la m'mafilimu akale aja, eni ake salifuna. Ali ndi mayina awo, a Crow, a Blackfeet, a Cheyenne. Pa funso lanulo, pitani ku Thyolo kapena ku Mulanje mukafunse munthu amene akulima kachigawo ka ekala m'mbali mwa phiri, tiyi wa esiteti atayambira pakhonde pake. Mwini esiteti wa lero nayenso anganene kuti sindinalande munthu, mapepala anasainidwa nthawi ya Harry Johnston m'zaka za m'ma 1890. Mwalamulo akunena zoona. Koma njala ya malo ya mnzakeyo siithera pamenepo.

NaBanda_Admin:
Abale, za Thyolo zili ndi tsiku lake, ulendo watha zinatitengera sabata yathunthu ndipo anthu awiri anatuluka pagulu. Tibwerere ku Montana.

NaPhiri_Leeds:
Tibwerere ndithu, chifukwa pali china chimene a Madala akuchizemba. "Train station." Munthu wagwira ntchito pafamu, wadziwa zinsinsi, akufuna kuchoka, amamukweza galimoto usiku kuti tikusiye kokwerera sitima, n'kukamuwombera m'mbali mwa phompho kumalire a Wyoming. Mitembo ili phee pansi pamenepo, mibadwo ndi mibadwo. Mwamuna wosunga lonjezo ameneyo? Komanso anaphulitsa phiri ndi mabomba kupatutsa mtsinje kuti Dan Jenkins, wabizinesi amene ankafuna kumanga nyumba pafupi ndi famuyo, asowe madzi. Atakhala bwanamkubwa wa Montana, ntchito yoyamba n'kuletsa bwalo la ndege lija, osati chifukwa cha anthu amene anamuvotera, koma famu yake. Akanakhala wandale wakwathu bwenzi pagulu pano tikumutukwana.

WakuIndiana:
Za "train station" zili ndi kachoonadi kake. Mu 2005 pulofesa wa zamalamulo Brian Kalt analemba kuti kachigawo ka Yellowstone National Park kamene kali mbali ya Idaho kalibe anthu okhalamo, ndiye sipangapezeke anthu oweruza mlandu monga malamulo a dzikolo amafunira. Anthu anakatcha Zone of Death. Musayesere.

Kadaluso_Joni:
Viza yomwe andikana kawiri, ndikayesera bwanji.

Chisomo_wa_Data:
Ine chondiwawa ndi chakudya. Gator amaphika bwino, tebulo lodzaza nyama, saladi, chilichonse. Akangokhala pansi Beth wayamba, mphindi ziwiri wataya foloko watuluka, Jamie watuluka, John watsala yekha akuyang'ana mbale. Nyumba imene ija palibe anamalizapo chakudya. Mayi anga akanawatsekera chitseko.

Madala_aZomba:
Mwana iwe waona chinthu chenicheni osadziwa. Tebulo limene lija ndiye sewero lonse. Mkuluyo akufuna banja lodyera pamodzi monga zinalili mkazi wake ali moyo, koma sadziwa kulankhula ndi ana ake kupatula kuwalamula. Ndi mdzukulu wake yekha amene amacheza naye bwino, kumtsinje akuwedza nsomba. Ndi kavalo amakhala wofatsa, taonani chithunzi choyamba cha sewero lonse, ngozi yachitika pamsewu, iye magazi ali kumutu, akusisita kavalo wovulala n'kumulankhula mokoma asanamuwombere kuti asavutike. Ndikuvomera mayi a ku Leeds, ngati bambo analephera. Ambiri a msinkhu wanga tinalephera momwemo, tinkayesa kuti kusiyira ana munda ndi chikondi chokwanira. Koma pa za malo ndikanali pomwe ndinali. Mapeto ake bwalo la ndege silinamangidwe. Kayce anagulitsa famuyo kwa Rainwater pa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala, mtengo womwe aphunzitsi atchula uja, msonkho n'kukhala wochepa, ndi pangano lakuti malowo asadzagulitsidwe kapena kumangidwapo. Ana ena atayamba kugwetsa miyala ya pamanda a a Dutton, Mo, wothandizira wa Rainwater, anawaletsa n'kuidzutsa yekha ndi manja. Ine pamenepo ndinapukuta maso, ndisaname. Chigwa chinatsala chathunthu. John anapambana ali m'manda.

NaPhiri_Leeds:
Anapambana ndi Kayce, bambo, amene anachita chinthu chokhacho chimene John anakana moyo wake wonse, kusiya. Mgwirizano umenewo akanatha kuupanga mu sizoni 1, iye ndi Rainwater atakhala pakhonde ndi khofi, Lee akadali moyo. Ndipo mu 1883 mkulu wina wa a Crow anamuuziratu James kuti pakadzapita mibadwo isanu ndi iwiri anthu anga adzawatenganso malowa, James n'kuvomera. Ndiye John ankaphera anthu malo obwereka.

Galu_wa_Mfumu:
Ine mapeto aja sanandikomere. Costner anasemphana ndi opanga seweroli n'kuchoka, ndiye itabwerera mu Novembala 2024 tikungouzidwa kuti John wapezeka atafa kubafa. Munthu amene anapulumuka khansa, anapulumuka zipolopolo pamsewu kumapeto kwa sizoni 3, n'kufa osatsanzika? Kenako Taylor Sheridan, mlembi mwiniwake, akudzipatsa nthawi yaitali monga Travis, ali chifuwa pamtunda akuzungulitsa akavalo. Tinabwerera zimenezo ife?

Mlangizi_Wopuma:
Akavalo ozungulira aja ali ndi ntchito, mwana wanga, ndi maphunziro a kavalo wogwira ntchito ya ng'ombe. Koma zoona anachulutsa. Amene mukufuna kuona famuyo ikuvutika zenizeni onerani 1923, ya Harrison Ford ndi Helen Mirren. Chilala, dzombe, oweta nkhosa akudula waya kuti ziweto zawo zipeze udzu, ndipo munthu wolemera wa migodi akukalipira msonkho wa malo a a Dutton mwakachetechete kuti akalephera kumubwezera atenge famu. Jacob Dutton akupita kubanki kukapempha ngongole yogulira udzu, akumukana. Imene ija ndiye nkhani ya mlimi.

Mbusa_wa_Ngabu:
Ndawerenga zonse, zikomo. Ndinene chimene chinandisowetsa tulo, chifukwa si Costner ayi. Malume anga anali ndi ng'ombe zoposa 40 kumunsi kwa Shire. Mwana wawo wamkazi atasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, tinawapempha kuti agulitse ziwiri zokha. Abutchala anafika mpaka pakhola ndi ndalama m'manja. Malume anazungulira kholalo, anaima pa nkhunzi yawo yakuda ankaitcha Mfumu, akuikanda pakhosi, n'kunena kuti khola ili anandisiyira bambo anga, silichepa ine ndili moyo. Mtsikanayo anakaphunzira yoyendera, sanamalize, anakwatiwa. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anabwera usiku. M'mawa tinapeza zisanu ndi imodzi zitaima pachulu, zina zonse ndi Mfumu yemwe zinapita ndi mtsinje. Malume sanalire, anangokhala pampando wawo wa ndalema masiku atatu osalankhula. Anamwalira chaka chatha, ndipo pomwalira anandigwira dzanja ine monga mphwawo kuti kholalo ndilisunge. Pano zilipo 11. Mwana wa mtsikana uja, mdzukulu wawo, wakhoza mayeso ndipo fizi ikufunika mwezi wamawa.

NaPhiri_Leeds:
Achimwene, gulitsani. Musayembekeze kuti tikuvotereni pano.

Madala_aZomba:
Mphwanga, anati ulisunge khola, sanati uziwerenga mitu. Sankha yofula kapena yaikazi yokalamba imene yasiya kubereka. Misoti usakhudze.

Kadaluso_Joni:
Ha! A Madala omwe aja a "ine ndikanachita chimodzimodzi"?

Madala_aZomba:
Ng'ombe imaswa, mwana iwe. Malo saswa.

Mlangizi_Wopuma:
Ngati mwatsimikiza, musagulitsire pakhola, abutchala akaona kuti muli pamavuto amakudyerani. Katengeni chiphaso kwa alangizi a ziweto a kwanuko, mupite nayo kumsika tsiku la msika, ndipo muyambe mwafunsa ngati sanatseke.

Mbusa_wa_Ngabu:
Ilipo ina yofiira yothyoka nyanga, zaka ziwiri tsopano osatenga bere. Ndikaiona Loweruka. Koma mayi anga, mlongo wawo wa malemuwo, sindinawauze, ndipo iwowo ndi John Dutton weniweni.